Khofi wa Mphamvu Afuna Moto Waung'ono

Anzanga ambiri pa komponi aganiza kuti khofi wa mphamvu ndiye wothira masupuni anayi m'ketulo ndi kusonkhezera moto kufikira atada bii ngati phula. Ine ndikana ndithu. Ndine kalaliki wolemba matikiti a anthu otsika mu mgodi mbandakucha, ndipo khofi ndimwa tsiku ndi tsiku ndisanakhale pa zenera.

Poto amene ndiphikira ine ndi wa ku Italy. Munthu wina dzina lake Alfonso Bialetti ndiye anayamba kum'panga m'chaka cha 1933, wa aluminiyamu, wa mbali zisanu ndi zitatu. Am'tcha Moka, dzina lochokera ku Mocha, doko la ku Yemen kumene kale zombo zinkanyamula khofi. Ali ndi zipinda ziwiri zomangana, cha pansi ndi cha pamwamba, ndipo pakati pake pali kasefa. Madzi athiridwa pansi, khofi wopera m'kasefamo. Poto akatentha, nthunzi ikankha madzi kuti akwere, napyola m'khofi, natulukira pamwamba. Ife a pa mgodi sitidabwa nazo, pakuti ndiyo nzeru ya boyila, kungoti boyila ameneyu akhala pa pulayimasi.

Tsono mverani apa, abale anga. Pambali pa chipinda cha pansi pali kachitsulo kotulutsa nthunzi ikachulukitsa. Madzi asakwirire kachitsulo kameneka, ndipo muzikayang'ana kuti kasatsekeke ndi dothi, chifukwa poto wosowa popumira akhoza kuphulika ndi kuotcha munthu. Khofi aperedwe wosalala kuposa mchenga koma asafike pa ufa woyera. Mum'dzaze m'kasefa, mum'salaze ndi chala, koma musam'tsindire ngati fodya wa m'kaliwo. Moto ukhale waung'ono, lawi lisapitirire tako la poto. Khofi atuluka pang'onopang'ono, wakuda, kenaka ayamba kuyera, poto nayamba kuchita nkonono. Pomwepo m'chotseni. Amene adikira dontho lotsiriza amwa zowawa ngati kwinini, natha shuga wa sabata yathunthu pa kapu imodzi.

Koma chandilembetsa si kukoma kokha ayi. M'khofi muli mankhwala otchedwa kafini, amene athamangitsa tulo, ndipo sachoka msanga m'thupi: patapita maola asanu, pafupifupi theka lake likali m'magazi. Khofi wa poto ameneyu ndi waukali kwambiri, ngakhale kapu yake ioneka yaing'ono ngati ya mwana. Munthu waweruka madzulo, wadya, namwa makapu awiri pocheza ndi anzake. Usiku angotembenuka pa bedi kufikira belu lilira. Ameneyu ine ndimuona m'mawa pa zenera langa, maso ali psuu, nambala yake yomwe kuitchula mokayika. Ine ndingobwerera ku mpando wanga, koma iye atsika pansi kukagwira makina pakati pa miyala yolendewera ndi ngolo zothamanga, ndipo kwao kuli mkazi ndi ana odikira ndalama. Kodi khofi wa madzulo uja wam'thandiza chiyani? Imwani musanalowe ntchito, kapu imodzi, muonjeze madzi otentha kapena mkaka ngati wakulirani. Mukaweruka, imwani madzi kapena mahewu, mukagone.

Ena anena kuti khofi ndi chakumwa cha azungu. Chikhala bwanji cha azungu pamene achilima makolo athu ku mapiri a Misuku? Mbande zake zinafika ku mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo kufikira lero amene athyola ndi kuyanika ndi anthu akwathu.

Mukatha kumwa, tsukani poto ndi madzi, mum'umitse musanam'mange. Pakati pa zipinda ziwirizo pali kalabala kozungulira, kamene kakauma nthunzi ithawira m'mbali khofi osakwera. Amene mufuna kupita naye poto kumudzi nthawi yanu ikatha, mugulitu malabala awiri kapena atatu kuno ku tauni, pakuti ku sitolo ya kumudzi simukawapeza.