DUNGANSTOWN, MUDZI UMENE UNAITANA MACHONA ACE

Kum'mwera cakum'mawa kwa cilumba ca Ireland, m'cigawo ca Wexford, kuli tauni ya New Ross pa gombe la mtsinje wa Barrow. Mlendo akacoka m'tauniyo nayenda makilomita 6 kulowera kum'mwera, pa kamseu kopapatiza kodutsa pakati pa mipanda ya zitsamba, amafika pa kamudzi kochedwa Dunganstown. Maso saona codabwitsa pamenepo: msipu wobiriwira, makola a ng'ombe, nyumba zamiyala zowerengeka, ndi mvula yamawawa imene siicedwa kubwera. Komabe pa bwalo la khomo lina m'mudzimo panacitika kukumana kwa cibale kumene mbiri yace inawanda pa dziko lonse.

Nkhani yace iyamba ndi njala. M'caka ca 1845 mbatata ya kacewere, imene inali cakudya ca tsiku ndi tsiku ca amphawi a ku Ireland, inagwidwa ndi matenda niwolera m'nthaka. Njalayo inakhala zaka zingapo. Anthu ngati miliyoni imodzi anafa, ndipo enanso ocuruka comweco anakwera zombo kuthawira tsidya lija la nyanja ya Atlantic. Mmodzi wa iwo anali mnyamata wa pa khomo lija, Patrick Kennedy, amene anafika ku Boston, m'dziko la Amereka, mu 1849. Kumeneko anagwira nchito yopanga migolo, nakwatira, namwalira mu 1858 osaonanso kwao. Abale ace anatsala, nasunga munda wa makolo.

Mu 1947 mwana wa mdzukulu wace, John F. Kennedy, anabwera kudzafunafuna pamene panacokera mtundu wace. Anayenda mofunsira njira kufikira atapeza mai Mary Ryan, obadwira m'banja lomwelo la Kennedy, amene anamlandira ndi tiyi. Pa 27 June 1963 anabweranso, tsopano ali Pulezidenti wa Amereka. Eni khomo anakonzeka ndithu: bwalo la matope analithira simenti, anayala matebulo panja, naitana abale a pafupi ndi a patali. Mtsogoleri wa dziko lamphamvu anaima pakati pa alimi, kapu ya tiyi m'manja, akumuuza kuti uyu ndi wakuti, mwana wa uje. Patangopita miyezi isanu anaphedwa ku Dallas. Akadazengereza, kukumana kuja sikukadacitika.

Mu 2013, patatha zaka 50, mwana wace Caroline anabwera ndi gulu la abale ocokera ku Amereka. Moto wopalidwa pa manda a atate wace ku Arlington unaolotsedwa nyanja nuyatsidwa pa doko la New Ross, kukumbukira onse amene anacoka. Caka comweco boma la Ireland linacita cochedwa The Gathering, kupempha midzi ndi mabanja kuti aitane ana ao omwazikana, ndipo mabanja ambiri-mbiri osachuka anacita zimene a Kennedy anacita.

Kodi kukumana kotere kumakonzedwa bwanji? Nchito yoyamba ndiyo ya maina. Kungodziwa kuti agogo anacokera ku Ireland sikuthandiza. Pafunika dzina la kamudzi ndi la parishi. Mabuku ambiri a boma a kalembera wakale anapsa pa nkhondo ya paciweniweni ku Dublin mu 1922, cotero ofufuza amadalira kwambiri mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'machalichi, amene mu 2015 anaikidwa pa intaneti. Amadaliranso miyala ya pa manda, makalata akale ndi mitu ya nkhalamba.

Nchito yaciwiri ndiyo kulembera otsala kumudzi nthawi ikadalipo. Mlendo wa tsidya la nyanja sangogwera pakhomo ngati mvula. Eni mudzi ndiwo adziwa amene ayenera kuitanidwa, amene adayambana, ndi pamene pali manda a yani. Tsiku limasankhidwa m'miyezi ya June kufikira August, pamene kuli kofunda ndipo dzuwa limacedwa kulowa. Kamudzi ngati Dunganstown sikangagoneke anthu makumi-makumi, cifukwa cace alendo amapeza malo ogona m'tauni, nasonkherana ndalama za cakudya ndi za galimoto, kuti mtolo usagwere mlimi amene wawalandira. Patsikulo amayamba ndi mapemphero, napita ku manda, ndipo pambuyo pace amadya pamodzi, ana akumva maina a makolo ao akuchulidwa mmodzi-mmodzi.

Lero pa khomo lija pali nyumba yosonyezamo mbiri ya banjalo, ndipo pa doko la New Ross paima combo cochedwa Dunbrody, copangidwa mofanizira zombo zimene zinanyamula othawa njala. Koma cinthu cacikuru koposa ndico cakuti mundawo ulimidwabe ndi zidzukulu za amene anatsala. Akuluakulu adati cibale ndi fupa, siciwola. Koma fupa lomwe lifuna wolisunga. Ulemu wa tsiku la cisangalalo umapita kwa wobwera ndi ndege, pamene amene anacititsa kuti pakhale pofikira ndiye uja anakhalabe pa munda, nakumbukira maina, nayankha kalata.