NTHANO ZOZUNA ZA CIKONDI NDI ZIMENE ZIMASIYA MUMTIMA

Pakati pa mabuku akale amene amayalidwa pansi m'mbali mwa miseu ya m'tauni, muli mtundu wina umene sucedwa kupeza mwini. Munthu angauzindikire poona cikuto cokha: mkazi wobvala diresi lofika ku akakolo ndi cisoti comangira pansi pa cibwano, ndipo kumbuyo kwake ngolo yokokedwa ndi akavalo, kanyumba ka mitengo, ndi kachalichi koyera pamwamba pa citunda. Awa ndi mabuku a nthano za cikondi, zonena za masiku amakedzana m'midzi ndi m'timatauni ting'ono-ting'ono ta ku America ndi ku Canada. Eni ake amazicha nthanozi kuti sweet, ndiko kuti zozuna, pakuti mulibe mau otukwana ndiponso mulibe za kucipinda. Mnyamata ndi namwali akagwirana dzanja buku litatsala pang'ono kutha, ndiye kuti nkhani yafika patali.

M'parishi mwathu mabukuwa ali ndi njira zao. Misa ikatha amacoka m'cikwama ca uyu nalowa m'cikwama ca uja, ndipo ena anathothoka masamba a kumapeto, kotero kuti wowerenga amacita kufunsa mnzake kuti nkhani inatha bwanji. Ine ndawerengako angapo, ndipo kwa nthawi yaitali ndakhala ndikumvetsera zimene akhristu anzanga amanena za mabuku amenewa. Maganizo ao ndi osiyana kwambiri, ndipo ali yense akayamba kukamba za buku, sacedwa kufika pa za m'nyumba mwake.

Ambiri amene anaphunzira ku sukulu zogonera komweko akumbukira timabuku ta Mills & Boon, kampani imene inayamba ku London mu 1908, momwe tinali kubisidwira pansi pa matiresi poopa amatroni. Mtundu umene ndikunenawu ndi wina. Mai amene anautsegulira njira pakati pa akhristu a masiku ano ndi Janette Oke, wobadwa mu 1935 ku Alberta m'dziko la Canada, mwana wa mlimi ndiponso mkazi wa m'busa wa mpingo wina. Buku lake loyamba, Love Comes Softly, linatuluka mu 1979. Linatsatidwa ndi ena 7 onena za banja lomwelo, ndipo mu 2003 analipanga kanema. Tanthauzo la mutu wake ndi lakuti cikondi cimabwera mwakacetecete.

Nkhani yake ili motere. Marty, mtsikana wa zaka 19, ali pa ulendo wa pa ngolo ndi mwamuna wake kukafuna malo olima ca kumadzulo. Mwamunayo afa mwadzidzidzi pa ngozi ya kavalo, namusiya ali ndi pakati, wopanda ndalama, wopanda m'bale ali yense pafupi, ndipo nyengo yozizira koopsa ili pakhomo. Atangoika maliro, mlimi wina wamasiye dzina lake Clark, amene ali ndi kamwana kakakazi kosowa mai, amupempha kuti akwatirane m'busa asanacoke m'deralo. Amulonjeza kuti iye adzagona m'kacisakasa kuseri kwa nyumba, ndi kuti kuzizira kukatha adzamulipirira ulendo wobwerera kwao ngati afuna. Marty abvomera ndi mtima wowawa, pakuti alibe kwina kolowera. Buku lonse lifotokoza za buledi wopserera, kusoka zobvala, kubadwa kwa mwana, mapemphero a m'mawa, ndi mitima iwiri imene ikuyandikirana pang'ono-pang'ono.

Woyamba amene maganizo ake anandikhudza ndi amai ena amasiye a mu mphakati wathu. Iwo anandiuza kuti cimene cinawaliza m'bukuli ndico kacisakasa kaja. Amuna ao atamwalira, acibale anabwera natenga bedi, makina osokera ndi mbale zomwe, ngakhale kuti lamulo la 1989 linali litanena kale kuti pa cuma ca womwalira wosasiya wilo, ana alandire magawo 50 pa 100 ndipo mkazi kapena mwamuna wotsala alandire 20. Wina wa acibalewo anafunanso kulowa cokolo, amaiwo asanafunsidwe n'komwe. Tsono kuwerenga za mwamuna amene anali ndi mphamvu zonse pa mkazi wamasiye, koma nasankha kugona kozizira ndi kumusiyira ufulu wocoka, kunawakumbutsa kuti ulemu wotere ndi wotheka, ndi kuti iwonso unali kuwayenera. Ndani angawauze amai otere kuti anataya nthawi?

Abambo ena a m'bungwe la parishi amaona mosiyana. Iwo amati mabukuwa ndi cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwamuna wa m'buku satopa, sakalipa, sacotsedwa nchito, ndipo ngongole yake imatha mutu wa nkhani usanathe. Mkazi akazolowera mwamuna wa pa pepala ameneyu, amayamba kuyang'ana wake weni-weni, uja wobwera madzulo ndi thukuta ndi nkhope yokwinya, monga ngati anamugula pa mtengo wolakwika. Abambowa sanama konse. Ndinamvapo mai wina akuyerekeza mwamuna wake ndi munthu wa m'nthano pamaso pa ana, ndipo mwamunayo anangotuluka osadya nsima.

Alangizi a maukwati nawonso ali ndi dandaulo lao. Iwo amati mabuku ambiri a mtundu umenewu amathera pa khomo la chalichi, mpunga uli kuwazidwa ndi belu likulira, pamene nchito ya alangizi imayambira pomwepo. Za apongozi, za kudwala kwa ana, za malipiro a sukulu, za zaka zimene mwamuna ndi mkazi amakhala ngati alendo m'nyumba imodzi, mulibe. Akulu anati walira mvula walira matope, koma olemba ambiri amaonetsa mvula yokha. Pa mfundo imeneyi Janette Oke amaposa anzake, cifukwa iye anayambira pa ukwati natsatira banjalo kufikira adzukulu.

Aphunzitsi ena opuma nchito, amene anaphunzitsa mbiri yakale kwa zaka zambiri, anandifunsa funso limene sindinaliiwale: kodi minda ija imene Clark ndi anzake anali kulima inali ya yani? Mu 1862 boma la America linapanga lamulo lopatsa munthu maekala 160 ngati akhalapo ndi kulimapo zaka 5, ndipo Canada inapanga lofanana nalo mu 1872. Koma nthakayo inali ndi eni ake, mitundu monga a Sioux, a Cheyenne ndi a Cree, amene anacotsedwa natsekeredwa m'madera opatulidwa. M'nthano zozunazi anthu amenewa saoneka kawiri-kawiri, ndipo dziko limakhala ngati linali kungodikira khasu la mlendo. Munthu wa ku Cigawo ca Kum'mawa sangawerenge zimenezi mtima uli m'malo, pakuti akumbukira kuti Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inagawidwa kwa Azungu olima fodya, ndipo pambuyo pake makolo athu anakankhidwira m'malizevu. Aphunzitsiwo sanati tileke kuwerenga ai, koma kuti tizidziwa kuti kamudzi kamtendere ka m'buku kanamangidwa pa misozi ya ena.

Mtsikana wina wa m'gulu la acinyamata anayankha onsewa mwacidule. Iye anati akayerekeza bukuli ndi zimene amaona pa foni ndi pa wailesi ya kanema, m'buku mokha ndi momwe anapeza mnyamata amene amatha kudikira. Anzake amamuseka kuti zimenezo n'zacikale, koma iye safuna kutsitsa mtengo wake.

Zimene akazi a m'parishi mwathu amanena sizili kutali ndi zimene ananena akazi a kumene mabukuwa amacokera. Mu 1984 mphunzitsi wa pa yunivesite dzina lake Janice Radway anatulutsa buku la kafukufuku amene anacita pakati pa akazi 42 okonda nthano za cikondi m'tauni ina ya ku America, ambiri a iwo okwatiwa ndiponso olera ana. Anamuuza kuti nthawi yowerenga ndiyo nthawi yokhayo imene inali yao-yao. Anafuna kuti nkhani izitha bwino, anakonda mwamuna wamphamvu koma wofatsa, ndipo anada mabuku oonetsa nkhanza kwa akazi. Radway anaona kuti mkazi amene tsiku lonse amasamala ena amafuna kwina kumene iyenso angamve kuti akusamalidwa, ngakhale pa pepala pokha. Ngati zili tero, ndiye kuti buku la m'cikwama ca amai lili ndi uthenga kwa abambo, ndipo kuling'amba sikucotsa njala imene linabwera kudzathetsa.

Nanga mkhristu aweruze bwanji? Ine muyeso ndinaupeza kwa Ignatius Woyera wa ku Loyola, amene anayambitsa cipani ca ansembe aciJesuit, aja tiwadziwa ku Chikuni ndi ku Kasisi. Mu 1521, ali msilikali, cipolopolo ca mzinga cinamuthyola mwendo pa nkhondo ya ku Pamplona. Ali cigonere kwao anapempha mabuku amene anali kuwakonda, a nthano za asilikali olimba mtima ndi akazi okongola, koma m'nyumbamo munalibe. Anamupatsa buku la moyo wa Khristu ndi lina la mbiri za oyera. Nthawi zina anali kulota ali maso za mkazi wina waulemu kwa maola ambiri, nthawi zina za kutsanzira Francis ndi Dominic oyera. Zonse ziwiri zinali kumukondweretsa pa nthawiyo. Koma anazindikira kuti maloto oyamba aja akatha, mtima unali kutsala wouma ndi wosakhutira, pamene aciwiriwo anali kumusiyira cimwemwe cokhalitsa. Apa ndi pomwe anayambira kuphunzira kusiyanitsa mizimu.

Muyeso umenewu umagwira nchito m'khicini momwe. Buku lingakhale lopanda mau oipa ngakhale amodzi, koma ngati mutalitseka muona mwamuna wanu kapena mkazi wanu ali wocepa m'maso mwanu, nyumba yanu yonyansa, ndi moyo wanu ngati cilango, bukulo lakuberani kanthu. Ngati mutalitseka mupeza mphamvu yolankhula mofatsa, yokhululukira, yocezera mnansi wodwala monga amacitira anthu a m'timidzi ta m'nthanomo, kapena yokana kunyozedwa monga amai amasiye aja, bukulo lakutumikirani. Buku limodzi lomwelo lingacite zosiyana kwa anthu awiri, ndiponso kwa munthu mmodzi pa nyengo ziwiri za moyo wake. N'cifukwa cake sindigwirizana ndi amene afuna kuwaletsa onse, kapena amene amawameza onse osatafuna.

Ndiyenera kuonjeza kuti ife Akatolika tili ndi nthano yathu ya mtundu womwewu, yakale kuposa onsewa. Alessandro Manzoni wa ku Italy anatulutsa I Promessi Sposi mu 1827, ndipo m'Cingerezi imapezeka ndi mutu wakuti The Betrothed. Inena za Renzo ndi Lucia, anthu osauka ogwira nchito ya ulusi wa silika m'kamudzi ka pafupi ndi nyanja ya Como, m'caka ca 1628. Ukwati wao uimitsidwa cifukwa bwana wina wankhanza asirira Lucia ndi kuopseza wansembe wa parishi, ndipo wansembeyo acita mantha. Awiriwa apatukana, napyola m'njala, m'nkhondo ndi mu mliri umene unasakaza mzinda wa Milan mu 1630. Renzo apezanso Lucia atangokhululukira mdani wake uja, amene anamupeza ali kufa ndi mliriwo. Ndipo bukuli silithera pa guwa: lisimba za miseche ya anansi atsopano onyoza nkhope ya Lucia, za kusamuka kwao, ndi za ana amene anabadwa. Malemu Papa Francis anali kulikonda kwambiri, ndipo pophunzitsa za citomero pa 27 May 2015 analimbikitsa acinyamata kuti aliwerenge. Mwa Manzoni osauka amaoneka, wolamulira woipa amachulidwa, wansembe wamantha sabisidwa, ndipo cikondi cimapambana cifukwa ca kukhulupirika ndi cisomo ca Mulungu.

Amene sangalipeze bukuli asadandaule, pakuti m'Baibulo mwao muli buku la Rute, la mitu 4 cabe. Muli kamudzi ka Betelehemu, nyengo yokolola barele, mkazi wamasiye wacilendo wokunkha m'munda, mpongozi wanzeru, ndi Boazi, mwamuna amene analamula anyamata ake kuti asamukhudze, ndipo sanamutenge kufikira nkhani itakambidwa pamaso pa akulu pa cipata ca mudzi. Mulinso buku la Tobiti, momwe Tobiasi ndi Sara anayamba usiku wa ukwati wao ndi pemphero limene timalimva kawiri-kawiri pa Misa ya ukwati.

Tsono kwa amai ndi asungwana ndinena kuti werengani, koma mukatseka buku dzifunseni cimene latsala naco mumtima mwanu. Kwa makolo ndinena kuti mwana akamawerenga nthano zotere, khalani naye mumufunse kuti akonda ciani mwa anthu a m'nkhaniyo, ndipo mumuuze zimene bukulo silinena. Kwa inu abambo ndili ndi pempho lobvutirapo. Tsiku lina bwerekani buku lija lili pansi pa mtsamiro wa akazi anu, muwerenge mitu iwiri kapena itatu. Mudzapeza kuti mwamuna wa m'menemo alibe galimoto kapena cuma. Amatema nkhuni asanapemphedwe, amanyamula mwana akalira usiku, amatsogolera pemphero pa cakudya, ndipo mkazi akalankhula amamvetsera kufikira atatsiriza. Zonsezi zilibe mtengo wa ndalama, ndipo mungathe kuziyamba madzulo ano.