Mafuta a papepala sakwera Chikangawa

Ana anga, sabata ino makalata anu ayambe adikira. Ndikufuna ndikusimbireni za ulendo umene ndidayenda mu Julaye 2023 kuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, chifukwa zomwe zidatigwera panjira zikukhudza ambiri a inu amene mwagula tigalimoto ta ku Japan titi.

Tidalipo anayi: ine, mwana wanga wamkazi, amuna ake ndi kamdzukulu kanga ka miyezi 7. Tinkapita kuukwati wa mchemwali wawo wa mkamwini wangayo. Galimoto yawo ndi Mira e:S, ija ya injini ya 660cc. Kumbuyo tidapakira thumba la ufa, masutikesi awiri ndi mphatso za akwati.

Tikunyamuka ndidafunsa za mafuta, poti masiku amenewo petulo ankavuta. Mkamwini adati, "Amayi, musadandaule. Iyi imayenda makilomita 30 pa lita, zidalembedwa pomwe ndinkaigula. Ku Mzuzu ndi makilomita ngati 360, ndiye malita 12 akwana. Ndathira 15, atatuwo ndi basera." Masamu ake adamveka bwino, ine n'kukhala chete.

Msewu wa M1 umayamba mokunyengerera. Lumbadzi, Mponela, Madisi, konseko ndi chidikha, minda ya fodya itakololedwa, zigafa zili mbuu. Koma nthawi imeneyo msewu unkakonzedwa, ndiye kangapo konse tidapatutsidwira m'tinjira tafumbi, magalasi otseka, choziziritsa m'galimoto chili choyatsa kuopa kuti mwana angabanike. Tidaoloka Bua, phiri la Kasungu lidaonekera, n'kudutsa pataunipo osaima. Ndidaona pamalo ena othirira mafuta pali kamzere kakafupi, koma mkamwini adati tichedwa.

Pa Jenda tidagula tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere, katundu n'kuwonjezekera. Apa kanyale ka mafuta kadayamba kuphethira. Pomwe tidafunsa adati petulo adatha dzulo lake. "Atifikitsa," adatero mwini galimoto, koma mawu atatsika.

Amene mudayendako mukudziwa kuti ukapitirira mphambano ya ku Mzimba dziko limasintha. Msewu umayamba kukwera mapiri a Viphya, kukhota uku ndi uku, mphepo n'kumalowa m'mafupa. Ndili mtsikana, paini wa m'Chikangawa ankachita kutseka dzuwa. Lero malo ambiri ndi zitsa ndi timitengo tating'ono, komabe kukongola kulipo: miyala ikuluikulu, zigwa zobiriwira, nkhungu ikuyenda pansi ngati utsi. Kagalimoto kathu kankalira pachitunda chilichonse. Dzuwa litapendeka kadatsokomola kawiri, n'kuzima. Zii.

Nyumba panalibe, foni sinkagwira bwino, mwana adayamba kulira. Ndidamufunditsa zitenje ziwiri n'kuuza mayi ake amuike pachifuwa, chifukwa khanda limazizidwa msanga kuposa wamkulu. Koma chimene chidandiopsa kwambiri ndi mawu amene adatuluka pakamwa pa mwana wanga.

"Bambo a mwana, mundiuze lero pamaso pa amayi. Mwezi uliwonse mafuta amatha nthawi isanakwane. Mumati galimotoyi siimwa, nanga amapita kuti? Mumanyamulamo ndani?"

Ndiye kuti kwa miyezi yambiri ankawerengera mafuta ndi nambala ya 30 ija, akaona kuti sizikugwirizana n'kumaganiza kuti kunjaku kuli mnzake. Mwamunayo adangoti kakasi, naye osadziwa chomwe chimamwa petulo wake. Mwamwayi padatulukira mnyamata wa njinga yamoto amene adawatenga kukasaka mafuta a m'zigubu, okwera mtengo koopsa, osadziwikanso ngati ngosasakaniza. Tidalowa mu Mzuzu usiku, m'galimoto muli chete ngati tikuchokera kumaliro.

Ukwati utatha ndidakhala pansi ndi cholembera. Tidayenda makilomita pafupifupi 285 ndi malita 15. Mukagawa mupeza 19 pa lita, osati 30. Kodi wina adanama? Ayi. Nkhani yagona pa mmene nambalayo amaipezera.

Galimoto yatsopano ikamayesedwa siipita pamsewu. Amaiika m'chipinda, matayala ake n'kumazungulira pa makina, woyendetsa akutsatira liwiro lolembedwa kale. Mira e:S idatuluka mu 2011 ndipo 30 ija idapezeka pa muyeso wa ku Japan wotchedwa JC08. Muyeso umenewu umatenga mphindi 20 zokha, mtunda wake ndi makilomita 8 ndi pang'ono, liwiro lapakatikati ndi makilomita 24 pa ola, ndipo ikathamangitsitsa siifika 82. Choziziritsa chimakhala chozima, nyale zozima, kulemera kwake kwa anthu awiri basi. Mulibe chitunda, mulibe maenje, mulibe thumba la ufa.

Ine pa unamwino wanga ndidayeza anthu osawerengeka kuthamanga kwa mtima atagona pabedi. Nambalayo imakhala yoona, ndipo imatithandiza kusiyanitsa wodwala uyu ndi uyo. Koma mayi yemweyo mumusenzetse mtolo wa nkhuni akwere nawo phiri, mtima wake sungagunde chimodzimodzi. Nambala ya papepala ntchito yake n'kuyerekeza galimoto iyi ndi inzake pogula. Si lonjezo la ulendo wanu.

Eni akenso adaona kuti kusiyanaku kwanyanya. Ku Ulaya adabweretsa muyeso watsopano wa WLTP mu 2017, ndipo ku Japan kuyambira Okutobala 2018 mitundu yatsopano ya galimoto imayesedwa ndi WLTC, womwe umaonetsa padera mafuta a m'tauni, a kunja kwa tauni ndi a pamsewu waukulu. Nambala zake zimakhala zotsikirapo. Nthawi zina chinyengo chidalipodi: mu 2016 kampani ya Mitsubishi idavomera kuti idakometsera nambala za tigalimoto take tokwana 625,000. Koma galimoto zambiri zomwe zimatipeza kuno ndi zakale, zoyesedwa ndi miyeso yakale, zitayendanso zaka. Onjezani kuti kuyambira 1982 petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe mphamvu yake pa lita ndi yocheperapo.

Tsono malangizo anga ndi awa. Pezani nambala yanuyanu. Dzazitsani thanki mpaka pampu idule yokha, lembani makilomita omwe ali pa dashibodi, yendani monga mwa masiku onse, kenaka dzazitsaninso. Gawani makilomita mwayendawo ndi malita mwathirawo. Chitani katatu, m'tauni ndi paulendo, ndipo chitirani limodzi awirinu, kabuku kake kazikhala m'galimoto momwemo. Bajeti ya pakhomo muzipangira nambala imeneyo.

Mpweya wa m'matayala uzikhala monga zalembedwera pakhomo la dalaivala, chifukwa tayala lofewa limadya mafuta. Sefa ya mpweya imatsekeka msanga ndi fumbi lathuli. Kuthamanga kopitirira muyeso, kuponda moto mwadzidzidzi ndi kuima nthawi yaitali injini ikulira, zonsezi zimatapa m'thumba mwanu. Ndipo mukakhala ndi mwana m'galimoto, musadutse pomwe pali mafuta thanki ili pansi pa theka. Mzere wa pa Kasungu ukadatidyera ola limodzi, Chikangawa idatidyera maola anayi.

Pobwerera tidadzazitsa thanki mu Mzuzu, ndipo cholembera chidali m'manja mwa mwana wanga. Titafika ku Lilongwe adawerengetsa yekha, adayang'ana amuna ake, n'kunena chapansipansi, "Pepani bambo, ndinkakuganizirani zoipa." Ine ndidayang'ana kuwindo ngati sindidamve.

Akulu adati safunsa adadya phula. Musanaimbe mlandu mnzanu wa pabanja chifukwa cha mafuta, yambani mwaifunsa galimotoyo. Sabata ya mawa tibwerera ku makalata anu.