Kamba wa Munthu Wapaulendo

Chichewa chili ndi mawu akeake otchulira chakudya chimene munthu amanyamula paulendo. Timati kamba. Chimanga chokazinga chikakhala m'lichero pakhomo ndi chimanga chabe, koma chikamangidwa m'kansalu n'kupatsidwa kwa munthu wolawira m'mbandakucha, chasanduka kamba, ndipo malamulo ake asintha. Kamba amawerengedwa ndi masiku. Womanga amayamba wafunsa kutalika kwa ulendo, kenaka n'kuyeza molingana ndi mitunda. N'chifukwa chake munthu wotapa kamba wa mnzake amakhala atamudulira tsiku limodzi kapena awiri pa ulendo wake, ngakhale chotapidwacho chitangodzaza dzanja limodzi.

Mfundo imeneyi ndinaimvetsa bwino ndili kutali ndi kwathu, pa njira ya oyenda pansi yotchedwa Appalachian Trail, kum'mawa kwa dziko la United States. Njirayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 3,500. Imayambira pa phiri la Springer ku Georgia, n'kudutsa m'zigawo 14, kukathera pa phiri la Katahdin ku Maine. Maganizo oilambula anachokera kwa Benton MacKaye mu 1921, ndipo inatha kulumikizidwa mu 1937. Mu 1948 Earl Shaffer, amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anaiyenda yonse ulendo umodzi. Mu 1955 mayi Emma Gatewood anachita chimodzimodzi ali ndi zaka 67, katundu wawo ali m'thumba losoka okha. Ofuna kuiyenda yonse amatha miyezi 5 mpaka 7 ali panjira, ndipo mwa anthu anayi onyamuka, wofika kumapeto amakhala pafupifupi mmodzi.

Munthu wotere chuma chake chonse chimakhala kumsana: tenti, chofunda, kasefa ka madzi, kambaula ka gasi, kapoto ndi chakudya cha masiku owerengeka, chongomufikitsa ku tauni yotsatira. Ena amatumiziratu makatoni a chakudya ku mapositi ofesi a m'matauni amene adzadutsemo. Ku Maine kuli chigawo cha makilomita pafupifupi 160 chopanda mudzi, chotchedwa Hundred-Mile Wilderness, ndipo polowera pake pali chikwangwani chochenjeza kuti munthu asalowe alibe chakudya cha masiku 10. Kumalo otero chopanda ntchito sachinyamula, choncho chilichonse chosowa chimamveka m'thupi.

Akuba odziwika bwino panjirayi ndi amiyendo inayi. M'misasa yogonamo, imene ilipo yoposa 250, ya makoma atatu ndi khomo lapululu, mbewa zimayamba ntchito nyali zikangozima. Oyenda anazolowera kupachika matumba pa chingwe chobooleredwa chitini chozondotsa, kuti mbewa yotsetsereka pachingwe iterereke n'kugwa. Palinso zimbalangondo zakuda, zimene zimachititsa kuti chakudya chizigona patali ndi anthu, chopachikidwa pa nthambi, pa mzati wachitsulo, kapena chotsekeredwa m'bokosi lolimba. Nyama zimenezi palibe amazisungira chakukhosi. Zikadya, munthu amangopukusa mutu n'kudziseka yekha.

Mu 2006, ndili pa maphunziro anga a ukachenjede, ndinayenda masiku 9 m'chigawo cha njirayi chimene chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Shenandoah ku Virginia. M'mawa wa tsiku lachinayi mtsikana wina, amene anali atayenda kale miyezi iwiri ndi theka kuchokera ku Georgia, anapita pa mzati kukatsitsa thumba lake, koma sanalipeze. Munali chakudya cha masiku anayi, kapoto ndi kambaula. Tinasakasaka m'tchire mozungulira. Chimbalangondo chikaba chimasiya umboni: nsanza za thumba, mapepala ong'ambikang'ambika, zipsera za mano pa kapoto. Ife sitinapeze kanthu. Matumba athu onse anali lendelende pamalo pake, kupatula limodzilo. Anthu awiri anali atanyamuka kusanache, komanso msewu wa Skyline Drive sunali patali. Amene anatenga sitinamudziwe.

Chimene khutu langa la zilankhulo linagwira ndi mmene anzanga anaikambira nkhaniyo. Palibe anatchula mawu oti kuba. Anati thumbalo walked off, kutanthauza kuti lanyamuka lokha n'kumapita. M'chiganizo chimenechi mwininkhani ndi thumba. Wakuba mulibe, woberedwanso mulibe. Nafenso timadziwa kuzemba kotero. Timati chasowa, kapena chatayika, ngati kuti chinthu chili ndi nzeru zodzisokeretsa. Tikalimba mtima pang'ono timati chabedwa, msintho wochitidwa umene umavomera kuti dzanja linalipo koma n'kubisa mwini dzanjalo.

Koma Chichewa chili ndi njira ina imene siilola kuzemba. Timati andibera. Pa tsinde la -b- taphatikapo -er-, msintho womchitira, umene Sam Mchombo anaufotokoza m'buku lake la 2004 lotchedwa The Syntax of Chichewa. Msinthowu umakokera munthu m'kati mwa mneni, ndipo -ndi- amakhala pamenepo ngati mboni. Chochititsa chidwi n'chakuti ndi msintho womwewu umene timanenera kuti andiphikira, anditungira madzi, andisungira malo. Galamala yathu imaika wokuphikira ndi wokubera pa mphasa imodzi, popeza onse awiri achita kanthu kolunjika kwa iwe. Poti andibera, mtima wa nkhani uli pa munthu, thumba likubwera pambuyo.

Ndikumvetsa chifukwa chimene anzangawo anazembera. Kunena kuti wina waba kukanachititsa aliyense kuyang'ana mnzake m'maso, pamene usiku womwewo tinayenera kugonanso phewa ndi phewa ndi anthu amene sitidziwa ngakhale mayina awo enieni, pakuti panjirapo anthu amaitanana ndi mayina ongopatsana. Mawu ozemba anateteza mtendere wa msasa. Ndipo manja anachita zimene pakamwa panakana kunena: uyu anatulutsa mpunga, uyo mtedza, winayo botolo la chiponde, mpaka mtsikanayo anakhala ndi chomufikitsa pogulira. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo oyenda panjirayi amakhala ngati anaumva mwambiwu.

Kunena zoona, kuberana pakati pawo n'kosowa, ndipo njira zopezera chakudya popanda kuba ndi zambiri. M'nyumba zogona alendo mumakhala bokosi lotchedwa hiker box, mmene munthu amasiyamo chimene chamulemera kuti wina atole. Pali anthu a m'matauni amene amasiya zakumwa ndi zipatso pamene njira yadutsa msewu, mphatso imene amaitcha trail magic. Pali ngakhale mneni wopangidwa kuchokera ku dzina, to yogi, wochokera kwa Yogi Bear, chimbalangondo cha m'katuni chokonda madengu a chakudya cha alendo. Tanthauzo lake ndi kucheza ndi anthu odzapuma m'nkhalango mwaluso lakuti akuninkhe chakudya iwe usanapemphe. Gulu limene lapanga mawu ochuluka chotere a kupatsana lamuchotsera wakuba chodzikhululukira cha njala.

Agogo anga aakazi ankatiphunzitsa lamulo lofanana ndi limeneli. Ankati wapaulendo njala ikamupweteka akhoza kuzula chinangwa kapena kuthyola nzimbe m'munda wa eni, koma adyere pomwepo m'mbali mwa munda, makoko n'kuwasiya poonekera. Mwini munda akaona makokowo amadziwa kuti padutsa mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Koma wozula n'kuika m'thumba, n'kukwirira dzenje kuti lisaoneke, ameneyo ndi mbala. Chinangwa n'chimodzimodzi, njala mwina n'chimodzimodzi, kusiyana kwake kuli pa kubisa. Wotenga thumba la mtsikana uja anayenda monyang'ama mumdima, kupitirira anthu ogona amene akanamupatsa akanangotsegula pakamwa.

Mtengo wa kubaku suthera pa chakudya cha masiku anayi. Usiku wotsatira ndinaona mtsikanayo akutsamira chakudya chimene tinamusonkhera, ndipo anthu ena awiri anamutsanzira. Mzati unakhala ndi matumba ochepa. M'dziko la zimbalangondo kugona ndi chakudya n'kuitana nyama pa msasa, ndipo chimbalangondo chimene chalawa chakudya cha anthu chimasiya kuwaopa, mapeto ake oyang'anira nkhalango nthawi zambiri amachipha. Dongosolo lonse lopachika matumba limadalira chinthu chimodzi, chakuti munthu akhoza kusiya kamba wake panja usiku wonse n'kumupeza m'mawa.

Pa chifukwa chimenechi ndimakhulupirira kuti mawu ozemba, ngakhale ali aulemu, amafunika malire. Thumba likakhala kuti layenda lokha, palibe chouza oyang'anira nkhalango, palibenso cholemba m'kaundula wa pa msasa chochenjeza obwera m'mbuyo. Ophunzira anga ndikamawaphunzitsa misintho ya aneni ndimawalembera ziganizo zitatu pa bolodi: thumba lasowa, thumba labedwa, andibera thumba. Kenaka ndimawafunsa kuti m'chiganizo chilichonse ndani watsala panja, ndipo amene wapindula ndi kutsala kwakeko ndani.