Liwiro la Phunziro mu Sitandade 5

Ndimaphunzitsa Chingerezi mu Sitandade 5 pa sukulu ina ya m'mbali mwa nyanja, m'boma la Mangochi. Iyi ndiyo kalasi imene mwana amasiya kuphunzira m'Chichewa n'kuyamba kumva masamu ndi sayansi m'Chingerezi. Ana anga ambiri kunyumba amalankhula Chiyao, choncho Chingerezi kwa iwo n'chilankhulo chachitatu. Pa benchi imodzi pamakhala mtsikana wa zaka 10 wowerenga ndime yonse osakakamira, ndi mnyamata wa zaka 15 amene wabwereza makalasi, wolozabe liwu lililonse ndi chala. Belu likalira, onsewa nthawi yawathera limodzi.

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kalasi ya ana opitirira 100 si yachilendo, ndipo m'kalasi yotere yankho la chigulu limanamiza. Ukafunsa kuti "Mwamva?" onse amati "Eee!" mpaka malata kuchita phokoso, pamene amene amvadi ndi ochepa akutsogolo. Enawo amangovomera ngati nyimbo ya pamtondo. N'chifukwa chake sindifunsanso funso limeneli. Ndimalemba chiganizo chimodzi pabolodi, aliyense n'kuchimaliza m'kope mwake, ine n'kuyamba kuchonga kuchokera kumbuyo. Makope akumbuyoko ndiwo amandiuza ngati ndipitirire kapena ndibwerere.

Chinthu chatsopano ndimachiyendetsa pang'onopang'ono, tonse pamodzi. Tinene kuti ndi mawu osonyeza zimene zinachitika kale. Mwana akadziwa kuti walk amasanduka walked, amalemba goed ndi mtima wonse, ndipo ameneyo ine ndimamuyamikira, chifukwa lamulo waligwira. Chatsala n'kumuonetsa went. Apa sindiumira Chichewa, ngakhale Chiyao chimene ndinatola kwa anawo, pofotokoza. Mphindi ziwiri za chilankhulo chimene mwana amamva zimapulumutsa piriyodi yonse.

Pa ntchito yolemba ndipo timasiyana. Mafunso ndimawaika pabolodi kuyambira ofewa, ndipo ndimanena poyera kuti atatu oyamba ndi a aliyense, otsalawo ndi a amene wamaliza. Wofulumira alembe nkhani yake ya dzulo, za kudoko kapena za kumsika, ine ndili pansi ndi kagulu kamene kakulimbanabe ndi funso loyamba.

Pali chizolowezi chosandutsa ana anzeru kukhala aphunzitsi a anzawo tsiku lililonse. Ndimawagwiritsa ntchito, inde, koma mosamala. Nawonso anabwera kudzaphunzira, ndipo mwana amene sapatsidwa chomutulutsa thukuta amayamba kulongolola, kenako kujomba.

Chondivuta kwambiri ndi sikimu. Imati sabata ino mutu uwu, sabata yamawa wina. Alangizi a zamaphunziro, a PEA, akabwera amafuna kuona pamene tafika, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 sadikira munthu. Komatu sikimu sidziwa kuti usipa ukagwa anyamata ena amakagona kunyanja, kapena kuti malungo a m'dzinja amandichotsera ana sabata yathunthu. Ndimasankha kutsalira ndi mutu umodzi kusiyana n'kufika kumapeto kwa buku ndi ana khumi okha. Obwera atajombawo ndimawasunga mphindi zochepa tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango, ndipo timayambira pa chiganizo chimene anasiyira m'kope mwawo.