KUCHOKERA KU TSANGANO KUNKA KU JONI PA NDEGE NDI MWANA WOYAMWA

Ku Tsangano ndi kumtunda, m'mapiri a Kirk Range, m'malire a boma la Ntcheu ndi dziko la Mozambique. Eni ake ndi alimi a mbatesi, kabichi, nyemba ndi tirigu, ndipo mbatesi zambiri zimene anthu amakazinga ku Blantyre ndi ku Lilongwe zimachokera komweko. Malire a kumeneko saoneka ndi maso. Munthu agona kuno koma munda wake uli tsidya, ndipo tsidyalo dzina lake ndi Tsangano yemweyo.

Anyamata ambiri a dera limeneli ali ku Joni. Mkazi akafuna kutsata mwamuna wake, mwana ali kumbuyo, njira zilipo ziwiri. Ina ndi basi yodzera ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ulendo wa masiku awiri kapena kuposapo, woima pa mizere ya m'zipata usiku ndi usana. Ina ndi ndege, imene ithera maola awiri ndi theka basi. Mtengo wake ndi wowawa ndithu. Koma mlamu wanga, amene anachoka mkazi wake ali woyembekezera, anati mwana wa miyezi 9 sangapirire basi ija, natumiza ndalama ya matikiti. Ine monga mwinimbumba ndinasankhidwa kuperekeza mlongo wangayo ndi mphwanga.

Akuluakulu pamudzi sanakondwe nayo nkhaniyi, ndipo sindikuwanena. Ndege anaidziwa kale iwo asanaidziwe anthu ambiri a m'tauni. M'masiku a Wenela amuna a kuno ankakwera ndege ku Chileka natsikira ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankakwera sitima ya pamtunda kunka ku migodi. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina ya Wenela, yobwera ndi anthu omaliza ntchito yawo, inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 anafera pomwepo. Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi chaka chomwecho. Tsono gogo amene analira maliro a chaka chimenecho mukamuuza kuti khanda likwera ndege, musayembekeze kuti aombera m'manja. Ndege ya Wenela inali ya amuna okhaokha, ndipo sikunamveke kuti mwana woyamwa anakweramo. Ife tinangowauza agogo kuti ndege za lero ndi zina, ndipo kuti ana amakwera tsiku ndi tsiku. Anavomera ndi pakamwa pokha.

Ntchito yaikulu ya ulendo wotere imachitika munthu asanaione ndegeyo. Mwana, ngakhale wa sabata zochepa, afunika pasipoti yakeyake yochokera ku Imigireshoni. Sayenda pa pasipoti ya mayi wake. Nyamulaninso chiphaso chake cha kubadwa ndi buku lake la kusikelo, pakuti simudziwa amene adzakufunsani. Mwana wosakwana zaka 2 alibe mpando wake, amakhala pamiyendo pa make, ndipo kawirikawiri amalipira gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa wamkulu. Komabe dzina lake liyenera kulembedwa pogula tikiti. Musangofika naye pabwalo ngati mmene tichitira pa minibasi. Ndipo amene mwana wake ali pafupi kukwanitsa zaka 2 awerenge bwino miyezi, chifukwa akazikwanitsa ali konko, pobwerera adzalipira mpando.

Tinanyamuka m'bandakucha mwezi wa Juni, nkhungu ili tolo, chisanu chikulowa m'mafupa. Tinatsikira pa mphambano ya Tsangano pa msewu waukulu, pamene amayi amayala mbatesi ndi tomato m'ndowa, nkukwera basi yodzera ku Lizulu ndi ku Dedza. Bwalo la ndege la Kamuzu, limene linatsegulidwa mu 1983, lili ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Tinagona kwa abale kuti tisachedwe, popeza munthu wotuluka m'dziko ayenera kufika maola awiri kapena atatu ndege isananyamuke. Ndege siimira munthu ayi, ngakhale muikodole.

Kathumba ka mbatesi kamene mlongo wanga anakumbira mwamuna wake tinakasiya kwa abale aja, chifukwa ku South Africa salola zomera kulowa popanda chilolezo. Zinamuwawa. Pachipata cha asilikali ofufuza katundu anamuuza kuti atsitse mwana kumbuyo, amunyamule m'manja polowa pa khomo la makina. Botolo langa la madzi analichotsa, pakuti zamadzimadzi zopitirira mamililita 100 siziloledwa, koma phala la mwana analiona nkulibweza. Mpeni ndi lumo ziyenera kukhala m'chikwama chachikulu cholowa pansi pa ndege. M'kachikwama ka m'manja muikemo matewera okwanira, zovala zosinthira za mwana, nsalu ina yapadera ndi kabulangeti, chifukwa chikwama chachikulu simudzachionanso mpaka ku Joni.

M'ndege mwana saberekedwa. Ichi ndicho chinamuvuta kwambiri mphwanga, amene chibadwire anazolowera msana wa make. Dona wotumikira m'ndege anabwera ndi kalamba kakang'ono, nakakolowetsa pa lamba wa mayi, nkumumanga mwanayo m'chiuno. Anatisunthanso pa mpando umene tinafuna kukhala, woyandikana ndi chitseko chothawira pangozi, nati pamenepo sipakhala munthu wa mwana.

Kenaka anaima kutsogolo nationetsa za chitetezo. Anati mpweya ukachepa m'ndege, tizipangizo topumira tidzagwa tokha kuchokera pamwamba, ndipo wamkulu ayambe wavala kake asanamuveke mwana. Mlongo wanga anandigwira dzanja.

"Achimwene, mwamva zimenezo? Ine ndiyambe kudzipulumutsa ndekha, mwana akuyang'ana?"

"Iwe, tamvera. Ukakomoka iweyo, mwanayo amuveka ndani?"

Anakhala chete, koma nkhope yake inaonetsa kuti mlandu sunathe. Lamulolo ndi lolondola ndithu. Kumwamba kumene ndege imauluka, munthu wosowa mpweya amasokonezeka mutu mphindi imodzi isanathe, ndipo manja ake saphulanso kanthu.

Tsono za makutu, zimene ndifuna amayi amvetse bwino. Inu a ku Tsangano ndi ku Dedza amene munatsikapo pa galimoto msewu wa Khwekhwerere kunka ku Golomoti mukudziwa mmene makutu amatsekera, mpaka munthu umeze malovu kapena uyasamule ndipo amati phu, kutseguka. Chifukwa chake n'chakuti mpweya wa kuchigwa ndi wolemera kuposa wa kuphiri, ndipo umakankha khutu kuchokera kunja. Mkati mwa mutu muli kanjira kochokera kukhutu kufika kummero. Munthu akameza, kanjirako kamatseguka, mpweya nkulingana mbali zonse. Ndege imakwera mamita oposa 10,000, kupitirira katatu msinkhu wa Sapitwa pa phiri la Mulanje, amene ndi mamita 3,002. Mkati mwake amapoperamo mpweya kuti ufanane ndi wa pamwamba pa phiri lalitali, koma pokwera ndi potsika umasinthabe. Wamkulu amameza dala. Khanda silidziwa zimenezo, ndipo kanjira kake n'kakang'ono. Limangomva kuwawa nkuyamba kulira. Mankhwala ake mayi ali nawo kale: bere. Mwana akamayamwa amameza, makutu nkumatseguka okha. Choncho musamukhutitse muli pabwalo. Musungireni njala pang'ono kuti ayamwe ndege ikamanyamuka. Mwana wa chimfine kapena wodwala khutu amavutika koposa, ndipo ndi bwino kuyamba mwakaonana ndi achipatala tsiku la ulendo lisanafike.

Ponyamuka zinatiyendera. Ndege inathamanga ndi mkokomo waukulu, mphwanga ali pabere, ndipo tisanafike m'mitambo anali atagona. Ine ndinasuzumira pazenera. Minda inaoneka ngati zigamba za pa malaya, ndipo patapita nthawi ndinaona Zambezi, mtsinje umene a basi amaoloka pa mlatho ku Tete, uli ngati chingwe chotayidwa pabwalo. Anatipatsa chakudya m'timbale tating'ono. Mayi wa mwana pamiyendo sangadye bwino pa kathebulo kaja, ndiye tinkalandirana: iye adye ine nditanyamula, kenaka ine. Kumbuyo kuli kachimbudzi kopanikiza, ndipo pakhoma pake pali kabolodi kotsitsa kogonekapo mwana posintha thewera. Pa mpando sasinthirapo, anzanu akudya.

Kutsika ndiye kovuta kuposa kukwera. Ndege imayamba kutsika kukali pafupifupi theka la ola kuti itere, ndipo nthawi imeneyo mphwanga anali m'tulo. Anadzidzimuka ndi kulira kwa mtundu wina, akudzikanda kukhutu, nkukana bere poyamba. Mzungu wina kutsogolo anacheuka kawiri. Koma mayi wina wachikulire wa ku Mzimba amene anali tsidya la kanjira anati, "Musachite manyazi, amama, ngakhale kulirako kumamutsegula makutu. Muikeni pabere pang'onopang'ono." Mlongo wanga anamuimiritsa pachifuwa, namusisita kumsana, ndipo kenaka mwana analandira. Amene adzayende m'tsogolo amudzutse mwana akangomva kuti ndege yayamba kutsika, asadikire kuti ululu umudzutse.

Tinatera pabwalo la O. R. Tambo. Ndinkayesa kuti ku Joni ndi kotentha, koma mzindawo uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mphepo ya Juni imene inatilandira inali yomwe ija ya kwathu ku Tsangano. Kabulangeti kanagwira ntchito. Titadindidwa mapasipoti onse atatu ndi kutola chikwama, tinatulukira m'holo yaikulu mmene mlamu wanga anali kudikira, chipewa chili m'manja. Anatambasula manja kuti alandire mwana wake amene anali asanamuonepo. Mphwanga anamuyang'ana, nkubisa nkhope m'khosi mwa make, nayambanso kulira. Mlongo wanga anawerama pakati pa anthu onse aja, namuponya kumsana, namanga nsalu, ndipo mwana anati zii. Bambo ake ananyamula chikwama natsogolera njira yonka kumene kunali matakisi.