Tsiku Limene Mwera Unakankha Ndege

Kwathu kunyanja mwana aliyense amaudziwa mwera. Ukayamba kuwomba m'miyezi yachisanu, asodzi amakokera mabwato awo kumtunda, ndipo palibe amene amawanena kuti ndi amantha. Koma ine sindinaganizepo kuti woyendetsa ndege nayenso ali ndi ufulu womwewo, kufikira tsiku limene ndifuna kukusimbirani.

Pafupi ndi sukulu imene ndinkaphunzitsa panali kabwalo ka ndege kafumbi, koyambira kum'mawa kulowera kumadzulo. Tsiku lina tinamva kuti kukudza alendo pa kandege ka anthu anayi, ka mtundu wa Cessna 172. Tsono ndinandandalika ana a Sitandade 7 m'mphepete mwa bwalo kuti awalandire ndi nyimbo. Mwera unali utakula chiyambire m'mamawa, kotero kuti thumba lansalu losonyeza mphepo linali litawongoka pamtengo wake, kuloza kumpoto.

Muyenera kudziwa, awerengi, kuti ndege imafuna kutera moyang'anana ndi mphepo, monga achitira akakowa, pakuti mphepo yakumaso imagwiriziza mapiko ndi kuchepetsa liwiro limene ndege ifikira nalo pansi. Ngakhale abale aja a Wright, pouluka koyamba ku Kitty Hawk mu 1903, analunjika kumene mphepo inkachokera. Komatu bwalo silitembenuka ngati mbalame. Mphepo ikadzera m'mbali, woyendetsa amapotozera mphuno ya ndege kumphepoko, nabwera cham'mbali ngati nkhanu. Atatsala pang'ono kukhudza pansi, amaiwongola ndi tsigiro la kumchira, natsitsa phiko la kumphepo kuti tayala la mbali imeneyo liyambe ndilo kugunda nthaka. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso. Amene anapanga ndege ya mtundu umenewu anaiyesa potera m'mphepo ya m'mbali ya makilomita pafupifupi 28 pa ola. Kupitirira apo, nkhani imatsalira luso ndi nzeru za munthu mwini.

Izi ndinaziphunzira pambuyo pake. Pa tsikulo ndinangoona kandege kakubwera mopendama, kakugwedezeka, ndipo katatsala pang'ono kutera kanabangula n'kukweranso. Anthu anaseka. Ine ndinang'ung'udza mokweza, ana akumva, kuti munthuyu ndi wamantha ndipo akutitayitsa nthawi ya masamu. Ndinauza anawo kuti akupize manja mwamphamvu.

Kanazungulira, kanabweranso. Ulendo uno matayala anagunda pansi bwino, ndipo tinayamba kuwomba m'manja. Pomwepo mphepo inakuntha mwadzidzidzi, inalowa kunsi kwa phiko la kumwera, nilinyamula. Phiko linalo linakhula pansi, fumbi koboo, ndipo ndege inasiya njira yake nilowa m'udzu, kulunjika kumene kunali ana anga. Sindikumbukira kuti ndinafuula chiyani. Chimene chinaiimitsa ndi chulu, chimene ife tinkachidandaula chaka ndi chaka kuti chikuipitsa bwalo. Pakati pa chulucho ndi mwana woyamba pamzere ndinawerenga mapazi 20.

Palibe anamwalira. Mlendo mmodzi anatemeka pamphumi, ndipo chitsulo chozungulira cha kumphuno chinapindika ngati khasu lakale. Anthu ambiri amaganiza kuti ndege ikakhudza pansi ulendo watha, chonsecho mphepo ya m'mbali imalimbana nayo kufikira itaima, makamaka pamene liwiro likuchepa ndipo tsigiro likutha mphamvu.

Woyendetsayo ndinampeza atakhala pachulu pomwepo, manja akunjenjemera. Anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wachisamba. Ndinampatsa madzi, ndipo atamwa anati: "Aphunzitsi, mafuta ndinali nawo okwanira kubwerera kumene ndachokera. Koma nditaona ana aja akukupiza manja, ndinachita manyazi kuwasiya."

Ndinasowa choyankha. Ana ndinawabweza kusukulu osaimba nyimbo ija. Ndegeyo inakhala pamenepo masabata atatu kudikira amakanika, ndipo masana mbuzi za m'mudzi zinkausa pamthunzi wa phiko lake.